Mkonono wa Evaristo

Rufunsa itangokhala boma payokha, anthu ambiri anapeza zatsopano. Ena anapeza ntchito m'maofesi onunkha penti, ena anapeza malo pamsika. Patson, wokonza njinga pamphambano ya ku Mpanshya, anapeza dzina limene sanalipemphe, ndipo dzinalo linali pafupi kumulanda mkazi.

Zinayamba ndi Wailesi ya Mapiri, kawailesi ka anthu a m'derali, ka zipinda ziwiri kuseri kwa msika. Bungwe lina la ku Lusaka linaipatsa thandizo la ndalama kuti iziulutsa maphunziro a ntchito zamanja kwa anthu akumudzi: kuweta njuchi, kuumba njerwa, kukonza mijigo. Linagawanso mawailesi a sola ku magulu omvera m'midzi, kuti Lachitatu lililonse anthu azikhala pamodzi, kumvera, kenako kukayesa zimene amvazo. Abungwewo anaikapo lamulo limodzi. Maphunzirowo akhale m'sewero, ndipo m'seweromo mukhale munthu mmodzi wochita zonse mopotoka, kuti omvera aziphunzira pomuseka.

Wolemba sewerolo anali Tionenji, mtsikana wa ku Chinyunyu amene Patson anali naye pachibwenzi kwa zaka ziwiri.

"Ni mawu chabe, Patson," anatero pomupempha. "Pa wailesi palibe azakuona nkhope."

Patson sankadziwa kukana chilichonse chotuluka pakamwa pa Tionenji, ndiye anavomera. Umu ndi mmene anasandukira Evaristo, mlesi wa boma lonse, amene anatsegula mng'oma wa njuchi dzuwa lili pamutu osavala malaya, amene anamanga khoma popanda chingwe mpaka linagwera mbuzi za eni ake. Ndipo Evaristo anali ndi mkonono. Mkononowo sunalembedwe n'komwe. Patson anangouonjezera tsiku lina pofuna kuseketsa Tionenji kuseri kwa galasi la situdiyo. Unkayambira pansi ngati thirakitala yokana kulira, n'kukwera, n'kukathera pa kamluzu. Pofika gawo lachisanu makondakitala onse a mumsewu waukulu anali ataudziwa pamtima, ndipo minibasi iliyonse yodutsa pamphambano inkamupatsa moni ndi mkonono m'malo mwa huta.

Chimene anthu sankadziwa n'chakuti maphunziro onse a zitsulo, amene ankawerengedwa kumapeto kwa sewero ndi muulutsi wa mawu a besi, ankachokera m'mutu mwa Patson yemweyo. Ulemu unkapita kwa wa besiyo, iye n'kutsala ndi mkonono.

*

Lolemba lina Tionenji anatsika minibasi pamphambano nkhope itagwa. Patson anali atapana wilo ndi mawondo, akuwongola masipoko.

"Amayi akana," anatero mtsikanayo asanakhale n'komwe.

"Akana chani? Amalume sanafike na mbale. Tinapangana Loweruka."

"Ati zikabwera zizabwerera mwamene zabwerera."

Patson anaika wilo pansi. Kuno mwamuna akafuna kukwatira, amalume ake amapita kwa akuchikazi ndi mbale ziwiri zovindikirana. Akazitsegula, nkhani ya ukwati yayamba. Akazibweza zosatsegula, palibenso chokambirana, ndipo mudzi wonse umadziwa dzuwa lisanalowe.

"Sunawauze kuti ni sewero?"

"Adziwa. Si ndiwo apampando a gulu lomvera ku Chinyunyu? Samaphonya olo gawo limodzi." Tionenji anakhala pakabenchi n'kupinda manja monga amachitira amayi ake, Ba Eness. "Ati, 'Sindine mwana, nidziwa sewero. Mawu munthu angaphunzire. Koma mkonono uja si wophunzira. Uja ni wobadwa nawo.'"

Patson anafuna kuseka, koma nkhope ya Tionenji sinamulole.

"Ati atate malemu anali na mkonono wamene uja. Ati, 'Zaka twente ninagona pafupi na mkonono uja, munda nalima nekha, denga nafolera nekha. Mwana wanga sazalima yekha.'"

Apa Patson anamva chisoni chenicheni, pakuti mbiri ya bambo a Tionenji ankaidziwa. Anali munthu wokoma mtima, woseketsa, amene khasu lake linachita dzimbiri lidakali latsopano. Koma chisonicho sichinachedwe kusanduka mantha.

"Ndiye msinthe Evaristo. Lemba kuti Lachitatu lino walapa, wauka tambala woyamba, walima maekala awiri."

"Siningakwanise. Abungwe anadinda kale magawo onse twente-sikisi. Evaristo asintha pa lomaliza, ise tili pa fotini. Tikasokoneza, thandizo liima, wailesi izima. Tilipo eiti paja, Patson. Tonse tizakhala pa nyumba."

"So wailesi ipulumuke, ine nife."

"Sininakambe choncho." Tionenji anayang'ana kumsewu. "Ba Righteous anatengeranso amayi matimati kupita nawo ku Chongwe. Osalipiritsa."

Righteous anali ndi shopu ya zitsulo mumsewu waukulu, kagalimoto kotsegula kumbuyo, ndi jekete lonyezimira limene ankavala ku tchalitchi ndi kumaliro komwe. Nayenso ankamufuna Tionenji, ndipo ataona kuti mtsikanayo samuyang'ana, anaganiza zodzera kwa amayi ake.

*

Lachiwiri linali tsiku lojambula. M'seweromo Evaristo anali ndi chibwenzi, Ketrina, mkazi wopirira amene ankamudzutsa gawo lililonse. Mawu a Ketrina ankalankhula ndi Dolly wa pasaluni, ndipo Dolly anali ndi matenda oonjezera zosalembedwa.

"Ukani, Ba Evaristo, wokondedwa wanga, mtima wanga, shuga wa mu tiyi wanga," anatero mu maikolofoni, dzanja lili paphewa la Patson.

Nyali yofiira inazima. Mawu a Tionenji anatuluka mu sipika ali ouma gwa.

"Dolly, papepala palembedwa kuti, 'Ukani, Ba Evaristo.' Shuga ali pa peji iti?"

"Nifuna chabe kuti chimveke cha zoona, sisi."

"Nanga dzanja? Omvera azaliona?"

"Limanithandiza kumva sewero mumtima."

Anajambula kanayi. Nthawi iliyonse Patson ankasunthira kumbuyo pang'ono, mpaka anagunda khoma lomatidwa makatoni a mazira. Atamaliza, Tionenji anamuitanira panja kuseri kwa thanki ya madzi, ndipo iye anapita akuganiza kuti mlandu ndi wa shuga. Unali wina woposa pamenepo.

"Madamu Prudence a ku bungwe abwera Loweruka kuzaona gulu la ku Chinyunyu. Afuna aone azimayi akukonza mjigo mwamene tinaphunzitsira mu gawo twelofu. Akakondwa, thandizo lipitiliza chaka cha mawa. Afunanso kuona Evaristo na maso. Ugone pansi pa mtengo mpaka mjigo uthe, pa lasiti uuke upemphe madzi."

"Loweruka liti?"

"Lamene ili."

"Pamaso pa amayi ako."

"Azakhala kutsogolo. Ndiwo apampando."

"Tsiku la mbale."

"Mbale ni masana. Sewero ni m'mawa."

Patson anapukusa mutu. Kenako anakwera njinga n'kupalasa ulendo wonse wobwerera ku Mpanshya osatsanzika. Njira yonse ankakangana ndi Tionenji mumtima, ndipo mumtimamo ankapambana mfundo iliyonse.

*

Mameseji anayamba Lachitatu.

"Sinibwera," analemba Patson. "Uza Madamu kuti Evaristo zamuluma njuchi."

"Zinamuluma kale mu gawo 3. Bwera."

"Pezani wina. Mkonono aliyense ali nawo."

"Tayesa alonda a pa wailesi. Wao ulibe mluzu."

"Ndiye unikonda ine olo ukonda mluzu?"

"Funso ili sinizayankha pa foni."

Lachinayi Patson anatsimikiza kuti salemba kalikonse, ndipo anadzimva kuti ndi mwamuna. Anapirira mpaka nthawi ya nkhomaliro pamene foni inalira. Anaitola msangamsanga, mafuta ali m'manja, koma anali Dolly: "Ba Evaristo wanga, Loweruka nivale chitenge cha buluu olo cha maluwa?" Asanaibweze n'komwe m'thumba, kagalimoto kotsegula kumbuyo kanaima patsogolo pa chisakasa chake, ndipo jekete lonyezimira linatsika.

"Mtendere, Ba Evaristo."

"Ndine Patson."

"Zoona, zoona, nimaiwala." Righteous anayang'ana machubu opachikidwa pamsomali ngati munthu wobwera kudzapepesa maliro. "Namva mubwera kwathu Loweruka. Ine nizathandizako gulu la Ba Eness na tcheni na bawuti ya mjigo. Ulele. Aliyense apereke chamene Mulungu anamupatsa, m'bale. Ine zitsulo, imwe tulo."

Patson anafuna kumuyankha zoti akazikumbuke mpaka ku Chongwe, koma chimene chinatuluka ndi funso la mmisiri.

"Bawuti yake ni yolimba? Ya mjigo imanyamula ndodo yonse."

"Bawuti ni bawuti." Righteous anatsegula chitseko cha galimoto, kenako anatembenuka. "Ku tchalitchi kwathu timapempherera mzimu wa ulesi Lachisanu lililonse. Mukabwere. Ena anachira."

Lachisanulo m'mawa meseji ya Tionenji inabwera, yaitali. "Patson, pa wailesi iyi ninayamba na kusesa. Sewero ili ndiye chinthu choyamba chamene ninalemba anthu n'kuchimvera. Sinikukakamiza. Ukakana nizamvetsa, koma nizalira. Ukabwera amayi angabweze mbale, nizaliranso. Sankha kulira kwamene ungakwanise."

Patson anaiwerenga katatu. Anamanga buleki ya kasitomala mbali yolakwika n'kuimasulanso. Iye ankamukonda mtsikana ameneyu, ndipo panalibe chochitira mwina. Anapukuta manja n'kulemba kuti: "Nibwere na saka yogonapo olo muli nayo?"

*

Loweruka m'mawa anakwera minibasi ndi amalume ake, Ba Amosi, njinga itamangidwa kumbuyo chifukwa mudzi wa Ba Eness uli patali ndi msewu. Ba Amosi anavala jekete la paukwati wao, mbale atazikulunga m'nsalu yoyera n'kuzifungatira pamiyendo.

"Usade nkhawa, mphwanga," anatero. "Ine nakambirapo maukwati seveni, palibe mbale inabwerera." Kenako anamugunda ndi chigongono. "Koma tachitako kamodzi chabe uja mkonono. Akazi anga sakhulupirira kuti ndiwe."

Kondakitala anamva, n'kuuyamba yekha. Dalaivala anathandiza ndi mluzu. Patson anayang'ana pawindo mpaka ku Chinyunyu.

*

Pamjigo panadzaza anthu ngati tsiku logawa feteleza. Madamu Prudence anakhala pampando wapulasitiki, magalasi akuda ali pamphumi, kope lili pamwendo. Righteous anaimika kagalimoto kake poonekera n'kulengeza kawiri konse kuti tcheni ndi bawuti wapereka ulele. Ba Eness anali kutsogolo, duku litamangidwa mwamphamvu, sipanala ili m'manja.

Patson anagwada chapatali n'kuomba m'manja. "Mwauka bwanji, amayi?"

"Tauka," anayankha Ba Eness akuyang'ana saka imene inali m'khwapa mwake. "Naona mwabwera na bedi."

Anayala sakayo pansi pa mtengo wa mango, mapazi atatu kuchokera pamene anakhala mayiwo, n'kugona chagada, chipewa chili kumaso. Dolly anafika ndi chitenge cha maluwa n'kuyamba kumudzutsa, shuga ndi tiyi zonse zilimo. Patson anatulutsa kamkonono kakang'ono, kaulemu, ka munthu amene wangopumulako atalima. Anthu anang'ung'udza, wina kumbuyo anati ameneyo si Evaristo, awabweretsera wabodza. Pansi pa chipewa Patson anaona Madamu akukwinya nkhope, ndipo kumbuyo kwao anaona Tionenji atakumbatira mapepala.

Ndiye anatseka maso n'kuutulutsa wonse. Thirakitala inalira, inakwera, inakathera pa mluzu. Anthu anafa nalo phwete. Azimayi anagwirana mapewa, Madamu anapukuta misozi, Righteous anaseka kuposa onse akumenya boneti ya galimoto. Patson anasuzumiranso. Munthu mmodzi yekha sankaseka. Ba Eness anali atazolika, akupotokola nsonga ya chitenge, ndipo Patson anadziwa kuti sakumva iye, akumva munthu amene anamuika m'manda zaka zisanu zapitazo. Patson sanachitepo manyazi otere chibadwire.

Kenako inakwana nthawi ya phunziro, ndipo Evaristo ankayenera kugonabe. Azimayi a gulu anatsegula chivindikiro cha mjigo, anachotsa tcheni chakale chimene chimalumikiza chogwirira ndi ndodo yopita pansi, anaika chatsopano. Sanalakwitse kanthu. Ba Eness anamanga bawuti ya Righteous n'kugwira chogwirira. Anapopa kamodzi, kawiri. Kachitatu kunamveka kuti thyo, ndipo chogwirira chinangotsala lende.

Bawuti inali itathyoka, tcheni n'kugwera m'kati.

"Mwamanga maningi, amayi," anatero Righteous mofulumira. "Bawuti ija ni yakunja, siifuna mphamvu."

Ba Eness anaima ndi sipanala pamaso pa mudzi wonse ndi mlendo wa ku Lusaka, osadziwa koyang'ana. Cholembera cha Madamu chinayamba kuyenda pakope.

Patson anali atalidziwa vuto ndi khutu lokha. Bawutiyo inali yofewa, ya pamabedi. Ankadziwanso kuti akadzuka ndiye kuti sewero la Tionenji laonongeka pamaso pa eni ndalama. Anamva Righteous akubwerezanso zoti amayi amanga kwambiri, ndipo anachotsa chipewa kumaso.

"Ba Evaristo, gonani," ananong'ona Dolly. "Nthawi ikalibe."

Iye anadzuka, anapita pa njinga yake n'kuigadabuza. Anthu anayambanso kuseka, poganiza kuti ndi sewero lomwelo, akudikira kuti lero aononga chiyani. Koma manja amene anamasula wilo lakumbuyo sanali a Evaristo, ndipo kusekako kunazilala pang'onopang'ono. Posakhalitsa anali atasolola ekiselo, chitsulo cholimba chimene wilo limazungulirapo, pamodzi ndi manati ake. Anawedza tcheni chogwera m'kati ndi waya wa buleki n'kuchikwezera pamalo pake. Akanatha kumanga yekha n'kuomberedwa m'manja ndi anthu. M'malo mwake anagwada, n'kupereka ekiseloyo kwa Ba Eness ndi manja awiri.

"Simunalakwitse, amayi. Bawuti ndiye inali yabodza. Lowetsani iyi. Mangani ndimwe."

Ba Eness anamuyang'ana, anayang'ana chitsulocho, analandira. Patson anagwirizira tcheni mutu uli pansi, akulankhula motsitsa.

"Nati yoyamba mangani mpaka sipanala ikane. Yachiwiri ibwere pamwamba pake, igwire inzake kuti isathawe."

Dzanja la mayiwo linaima. "Awo ni mawu a pa wailesi. A aphunzitsi aja a besi."

"Aphunzitsi aja amawerenga chabe, amayi," anatero Tionenji, mokweza kuti ndi Madamu omwe amve. "Zonse za zitsulo amaniuza ni Patson. Kuyambira gawo loyamba."

Ba Eness anamanga nati yachiwiri, anagwira chogwirira, anapopa. Madzi anachedwa, kenako anatuluka, oyamba ofiira, otsatira oyera, ndipo nthungululu zinamveka mpaka kumsewu. Madamu Prudence anaimirira akuomba m'manja. Righteous anakumbukira mwadzidzidzi kuti wasiya shopu yopanda munthu.

Mayiwo anatunga madzi m'kapu n'kudzaima pamaso pa Patson.

"Ati munafunika kuuka mupemphe madzi," anatero. "Simunapemphe. Imwani." Atalandira, anatembenukira njinga yogadamayo. "Manje muzayenda bwanji?"

"Nizainyamula, amayi."

"Hm," anatero Ba Eness.

Tionenji anamunong'oneza podutsa kuti "hm" wotereyo atate ake sanaulandirepo zaka zonse makumi awiri.

*

Mwini nkhani sakhalapo mbale zikamaperekedwa, choncho masana Patson anakadikira ku akasupe otentha a ku Chinyunyu komweko, njinga yopanda wilo ili pambali. Nthunzi inkafuka pamadzi, ndipo chakumunsi azimayi ankachapa akuyeserera mkonono wa m'mawa uja. Anakhala pamwala maso ali kunjira. Ataona Tionenji akubwera yekha, anayamba kuyang'ana m'manja mwa mtsikanayo. Munalibe mbale, ndipo mtima wake unakhalako pansi.

"Alandira?"

"Analandira. Anakhazika amalume ako pa mpando wa atate. Anamasula nsalu. Dzanja linali pa chivindikiro, Patson, ninaliona na maso anga."

"Ndiye?"

"Ndiye Madamu Prudence anagogoda, ati abwera kuzatsanzika."

Tionenji anakhala pamwala womwewo, koma kumapeto kwenikweni.

"Thandizo alipitiliza. Chaka chonse."

"Si zabwino izo?"

"Ati zamene aona lero sanazionepo, mlesi kuuka pamaso pa anthu. Aganiza ninachita kulemba. Manje ati gawo lomaliza lisakhale mu situdiyo. Afuna ukwati wa Evaristo na Ketrina pa msika wa Rufunsa. Diresi yoyera, keke, mphete, makamera a TV kuchoka ku Lusaka. Zithunzi za iwe na Dolly pa mitengo yonse, kuyambira pano mpaka ku mlatho wa Luangwa."

"Anakamba izo pamaso pa amayi?"

"Na pamaso pa amalume ako. Amalume anaombako m'manja, kenako anakumbukira chamene anabwerera."

Patson anagwira mutu ndi manja awiri.

"Amayi anachotsa dzanja," anapitiriza Tionenji. "Anamanganso nsalu, anakwera pa mpando, anaika mbale pamwamba pa kabati. Ati, 'Sinibweza, chifukwa manja nawaona. Koma sinitsegula. Mwamuna uyu chilichonse chamene wasewera chimamukhala maningi. Niyambe naona mwamene azachitira pa ukwati woyamba.'"

"Nizakana. Nizauza Madamu kuti Evaristo wasamuka."

"Ukakana, chaka chonse chapita. Nasaina kale." Anatola kamwala n'kukaponya m'madzi. "Na malumbiro a ukwati nilemba ndine. Nikhale pansi na bolopeni yanga, nilembe mwamene uzalonjezera Dolly kuti mpaka imfa."

Patson anatsegula pakamwa kuti amulimbitse mtima, ndipo foni inalira m'thumba. Akanaisiya. Koma anaganiza kuti munthu wosalakwa sabisa foni, ndiye anaitulutsa, ndipo Tionenji anailanda iye asanaone n'komwe dzina. Anawerenga mokweza, ndi mawu ouma aja a mu sipika.

"'Ba Evaristo wanga, Madamu ati pa lasiti pafunika kisi ya zoona chifukwa ni TV. Tiyambe liti pulakatisi?'"

Azimayi ochapa aja anasiya kuchapa. Tionenji anaimirira, anagwira foniyo ndi zala ziwiri, n'kutambasula dzanja pamwamba pa kasupe, pamene madzi amabwatira kwambiri.

"Kamba yankho, nilembe ndine," anatero mofatsa. "Koma usachedwe kuganiza. Zala zanga zayamba kutopa."